Chikumbu cha malemu bambo chasiya kukankhidwa: za mmisiri wa mawaya wa ku Ndirande

Galimoto imene ndikunenayi ndi Volkswagen Beetle ya 1974, ya injini ya 1600, yopangidwa ku Uitenhage ku South Africa, kumene ankapanga ma Beetle kuyambira 1951 mpaka 1979. Malemu bambo anaigula kwa mnzawo wina ku Blantyre ine ndili ku pulayimale, ndipo atatisiya inatsalira m'manja mwanga. Kunyumba timangoitcha Chikumbu. Ndimakhala ku Zomba, ndimaphunzitsa pa sekondale, ndipo galimotoyi sindiyendera tsiku lililonse, koma sindingaigulitse ngakhale munthu atabwera ndi ndalama zochuluka bwanji. Ndikalowamo ndimamvabe fungo lomwe lija la mipando limene ndinkamva tikamapita kumudzi pa Khirisimasi.

Kwa zaka ziwiri inandisowetsa mtendere ndi vuto limodzi. M'mawa kukuzizira inkalira kamodzin'kamodzi. Koma ndikayenda nayo kamtunda, injini n'kutentha, ndiyeno n'kuzimitsa kuti ndithire mafuta kapena ndigule tomato pa Namadzi, pobwerera ndikapotokola kiyi ndinkangomva kuti khethe, basi. Nthawi zina ngakhale khethe yemweyo kunalibe, kungoti zii, nyali za pa dashibodi zikuyaka bwinobwino. Tsiku lina mu Okutobala inandikanira ku Liwonde dzuwa lili paliwombo, ndili ndi mayi anga okalamba m'galimoto, mpaka anyamata ogulitsa nsomba ndiwo anatikankha. Kuyambira pamenepo ndinkaimika pamalo otsetsereka okhaokha, mphuno italoza kumunsi, kuti ikakana ndingomasula handibuleki n'kuiliza ndi giya yachiwiri. Ku Zomba zimenezi zimatheka chifukwa mitunda ndi yambiri. Kwina sizitheka.

Ndisanafike kwa bambo amene ndikufuna kuwayamikira pano, ndinali nditadutsa m'manja mwa anthu atatu. Woyamba anati batire latha, ndinagula latsopano, vuto silinasunthe. Wachiwiri anamasula sitata, anasintha mabulashi, anandilipiritsa, patapita masiku anayi inakananso. Wachitatu anati ikufunika relay, kaswitchi koyatsidwa ndi magetsi, anaiikadi, ndipo kwa mwezi umodzi zinaoneka ngati zasinthako, kenaka zinabwerera mwakale n'kuwonjezera kwina. Palibe ndi mmodzi yemwe mwa atatuwa amene ndinamuona atagwira mita yoyezera magetsi. Onse ankamvetsera ndi khutu n'kunena chimene akuganiza, ine n'kutulutsa ndalama.

Chinandikakamiza kufunafuna thandizo lenileni ndi ukwati wa mwana wa mchemwali wanga. Mtsikanayu anandipempha yekha kuti, "Malume, ndikufuna pochoka kutchalitchi ndidzakwere Chikumbu cha agogo." Ndinavomera pakamwa koma mtima uli m'mwamba, poganiza za mkwatibwi atavala velo, galimoto ikukankhidwa pakhomo la tchalitchi. Mnzanga wina amene ali ndi Land Rover yakale ndiye anandiuza za madala ena a ku Ndirande amene amangogwira za magetsi a galimoto basi, injini sakhudza.

Malo ake si okopa maso. Palibe chikwangwani. Ndi kashedi ka malata kuseri kwa nyumba, njira yolowera ndi yopapatiza komanso yokumbika ndi madzi a mvula, moti galimoto yotsika pansi iyenera kulowa mosamala. M'kati muli tebulo lathabwa lodzaza masitata ndi ma alternator omasula, mawaya atakolekedwa pa misomali molingana ndi kunenepa kwake, ndi anyamata awiri ophunzira ntchito. Eni akewo ndi bambo a imvi, olankhula motsitsa, magalasi awo omangirira ndi kachingwe.

Chimene chinandidabwitsa poyamba n'chakuti kwa mphindi mwina khumi ndi zisanu sanagwire sipanala. Anandikhazika pabenchi n'kuyamba kundifunsa. Imakana ikazizira kapena ikatentha? Khethe ameneyu mumamumva kutsogolo kapena kumbuyo? Ikakana, nyali za pa dashibodi zimazilala kapena zimawala chimodzimodzi? Ikavomera, sitata imazungulira mwamphamvu kapena molemedwa? Funso la kutsogolo kapena kumbuyo ndinali ndisanaliganizirepo. Nditakumbukira bwino, ndinawauza kuti kale phokosolo linkamveka kumbuyo, koma chiikireni relay ija limamveka kutsogolo. Anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mwabwera itatentha kale kuchokera ku Zomba, ndiye tisaisiye kuti izizire. Matenda tiwagwire akadali m'thupi."

Anatukula mpando wakumbuyo, poti batire la Beetle limakhala pansi pa mpando umenewo, mbali ya kumanja. Anayeza: mavoliti 12.5. Anandiuza kuti ndipotokole kiyi, nambalayo sinatsike n'komwe. "Batire lanu ndi labwino," anatero, "ndipo n'kutheka kuti lakale lija linalinso labwino." Mawu amenewa anandipweteka mumtima poganiza ndalama ija, koma anali oona.

Kenaka anaimika galimoto pa jeke, anaika zitsa zochirikiza, anaonetsetsa okha kuti giya ili pa nyutulo, n'kulowa pansi chagada, pafupi ndi tayala lakumbuyo la kumanja pamene pali sitata. Pamwamba pa sitata pamakhala kachitini kotchedwa solenoid. Kachitini kameneka kali ndi ntchito ziwiri: kukankha kagiya ka sitata kuti kalume mano a flywheel, gudumu lachitsulo lozunguza injini, ndiponso kulumikiza magetsi aakulu a batire ku mota ya sitata. Pamafika chingwe chonenepa chochokera ku batire, komanso kawaya kochepa kochokera ku kiyi, kamene kamalowa pa phini imene a ku Germany anaipatsa nambala 50. Madalawo anagunditsa mita pa nambala 50 imeneyi, kawaya kali kolumikiza, n'kufuula kuti ndipotokole. Mnyamata wawo anawerenga mokweza: 8.1.

Atatuluka anandiitana kuti ndione chinthu china. Anazula kawaya kaja pa solenoid, n'kuyeza kali kokha, ine nditapotokola kiyi. Mita inaonetsa mavoliti opitirira 12. Atakabwezera, 8 uja anabweranso. Apa m'pamene panali phunziro lonse la tsikulo. Waya wodyeka, ngakhale utatsala ulusi umodzi wokha wa mkuwa, ukauyeza wopanda katundu umaonetsa 12 wathunthu, ndipo munthu amati waya ali bwino. Bodza lake limaululika pokhapokha ukamusenzetsa katundu. Iwo anafanizira ndi ulalo wa mtengo umodzi pa khwawa: mwana amawoloka, ngolo siwoloka. Solenoid pa kamphindi koyamba kokoka imafuna ma ampu cha m'ma 30, ndipo ikatentha imafuna mphamvu yokwanira bwino kuti isunthe, chifukwa mkuwa ukatentha magetsi amadutsa movutikira. N'chifukwa chake m'mawa mavoliti ochepa aja ankakwanira, koma masana ayi.

Nanga mavoliti anayiwo ankathera kuti? Anandijambulira pa katoni ndi bolopeni. Pa Beetle, batire ndi sitata zili kumbuyo, zoyandikana kwambiri. Koma magetsi oti akadzutse solenoid sadutsa chidule. Amachoka kumbuyoko, n'kuyenda utali wonse wa galimoto kupita kutsogolo, n'kudutsa pa malumikizidwe angapo, n'kulowa mu switchi ya kiyi, ndiyeno n'kubwereranso utali womwewo mpaka pa nambala 50. Galimoto ili yatsopano ulendo umenewu sunali vuto. Koma patapita zaka zoposa 50, pamfundo iliyonse pali dzimbiri pang'ono, m'kati mwa switchi mwapsereza pang'ono, ndipo paliponse pakutsala kagawo ka mphamvu. Ntchito ya relay pa galimoto zakale zotere ndi kudula ulendowo: waya wakale wa ku kiyi azingodzutsa kakoyilo ka relay, kamene kamadya magetsi osakwana kota ya ampu imodzi, ndipo relay izitenga magetsi amphamvu pa batire pomwepo n'kuwapereka kwa solenoid pa kamtunda kakafupi.

Ndiye munthu wachitatu uja sanalakwe ponena kuti pakufunika relay. Analakwitsa poyiika. Tinaipeza kutsogolo, pansi pa boneti kuseri kwa dashibodi, itamangiriridwa ndi tepi pafupi ndi mafyuzi. Madalawo anaitembenuza n'kundionetsa manambala olembedwa pansi pake. 30 ndi polowera magetsi a batire. 87 ndi potulukira kupita kwa chimene ukufuna kuyatsa. 86 ndi 85 ndi mbali ziwiri za kakoyilo, ina yolandira kuchokera ku kiyi, ina yopita ku ethi, kutanthauza thupi la galimoto. Mnzathu uja manambala anawalondola, koma 30 anaitenga pa bokosi la mafyuzi lomwelo la kutsogolo, limene limadyera pa waya wautali wakale, ndipo 87 anailumikiza ku waya wina wautali wakale wobwerera kumbuyo. Switchi ya kiyi yokha ndiyo inapepukidwa katundu, n'chifukwa chake zinasinthako kwa mwezi umodzi. Ulalo wofooka uja unali pomwepo.

Ethi yake inali yomvetsa chisoni. Waya wa 85 anamupinikiza pansi pa kasikulu kamene kanamangidwa pa chitsulo chopenta, penti osapala. Madalawo anandiuza kuti ndipotokole kiyi n'kugwira, iwo akugwedeza wayayo ndi chala: khethe, zii, khethe, zii. Pamenepo ndinaona ndi maso anga gwero la masiku aja amene galimoto inkangoti chete. Ine ndinkaganiza kuti ndi matenda amodzi, pamene anali awiri ovala malaya ofanana.

Panali lachitatu, ndipo limeneli ine ndikanachoka osalidziwa chifukwa sindinadandaule nalo. Anandifunsa ngati klatchi yakhala ikulimba kapena ngati chingwe chake chinadukapo. Chinali chitaduka kawiri pa zaka zitatu. Analowanso pansi n'kukoka lamba woluka wa mkuwa amene amalumikiza giyabokosi ndi thupi la galimoto. Magetsi onse a sitata, amene amapitirira ma ampu 100, amayenera kubwerera ku batire kudzera pa lamba ameneyu. Wanga anali wobiriwira ndi dzimbiri la mkuwa, theka la ulusi wake litaduka. Atayeza pakati pa thupi la sitata ndi mutu wa negativi wa batire sitata ikuzungulira, anapeza kuti pakutayika mavoliti 0.9, pamene iwo amafuna isapitirire 0.3. Lamba ameneyu akafooka, magetsi amafuna njira ina, ndipo pa Beetle amatha kudutsa pa chingwe cha klatchi n'kumachitenthetsa mpaka kuchifooketsa. Ndinakhala kanthawi osalankhula. Zingwe ziwiri zija ndinkaziimba mlandu kuti ndi zachinyengo.

Zipangizo sasunga zambiri, ndiye anandituma ku Limbe ndi mnyamata wawo mmodzi. Anandipatsa malangizo omveka. Relay ikhale ya mapini anayi, ya ma ampu 30 kapena 40. Ya mapini asanu imagwiranso ntchito, koma ili ndi phini yapakati, 87a, imene imakhala ndi moto nthawi imene relay yapuma, ndipo munthu akasokoneza n'kulumikiza solenoid pamenepo, sitata imayamba kuzungulira yokha akangobwezera batire. Anati anaonapo sitata yopsa chifukwa cha zimenezi. Waya akhale wa 4 mm, ndipo mnyamatayo anapala kansonga ka waya aliyense ndi mpeni tisanagule. Wina amene ankaoneka wonenepa bwino atamupala anatuluka woyera m'kati, aluminiyamu wongokutidwa mkuwa pamwamba. Tinamusiya n'kugula wodulirapo. Tinagulanso fyuzi ya ma ampu 30 ndi kabokosi kake, lamba watsopano wa ethi, ndi timitu ta mawaya.

Pobwerera tinapeza magetsi atazima m'dera lonselo. Ndinaganiza kuti basi, ndigona ku Blantyre. Koma madalawo anatulutsa chowotcherera chakale cha mutu wa mkuwa ndi chigwiriro chathabwa, chonga chimene amagwiritsa ntchito okhoma zidebe, n'kuchiika pa mbaula ya makala. Kamutu kalikonse anayamba akapana kaye ndi pulayazi, kenaka n'kudonthezera mtovu pang'ono kunsonga kokha, osalola kuti uyenderere m'kati mwa waya, chifukwa akuti waya wolimba ndi mtovu amathyoka msanga pa galimoto yogwedezeka. Akamaliza ankakoka kamutuko mwamphamvu ndi dzanja. Kamodzi mnyamata wawo anapana yekha, iwo atakoka kanasolotoka. Sanamukalipire. Anangoti, "Iwe, kameneka kakanakasolotoka aphunzitsi ali pa Thondwe usiku. Bwereza."

Relay anaimanga ndi bawuti pansi pa mpando wakumbuyo, pafupi ndi batire, mapini atayang'ana pansi kuti madzi kapena fumbi zisamakhalemo. 30 inachokera pa mutu wa pozitivi wa batire kudzera pa fyuzi imene anaiika pafupi kwambiri ndi batirelo, kuti waya akadzakhudza chitsulo papse fyuzi osati galimoto. 87 inapita ku nambala 50 ndi waya watsopano wosakwana mita imodzi, wodutsa pa bowo limene analiveka kamphira kuti chitsulo chisamucheke. Waya wakale wa ku kiyi anamubweza mmene analili kutsogolo, atachotsa zomata zonse za mnzathu uja, ndipo kumbuyoko anamulowetsa pa 86. Pa 85 anapala penti ndi sandipepa mpaka chitsulo chinawala, anamanga, n'kupaka girisi pamwamba. Lamba wa ethi anachita naye chimodzimodzi mbali zonse ziwiri.

Sanandilole kunyamuka nthawi yomweyo. Anati tizungulire kaye mpaka injini itenthe. Tinapita mpaka ku Chirimba n'kubwerera, tinazimitsa, tinadikira mphindi zisanu, nthawi yeniyeni imene inkakonda kukana. Nditapotokola, inalira ndisanamalize n'komwe kupotokola. Tinabwereza kasanu ndi kamodzi. Pa nambala 50 tsopano pankafika mavoliti opitirira 11, ndipo ku ethi kunkatayika 0.2 yokha. Manambala onsewa, akale ndi atsopano, anawalemba pa katoni ija pamodzi ndi chojambula cha mawaya, n'kundipatsa kuti ndiziisunga m'galimoto, kuti wina akadzaigwira kwina asadzayambe kudula mawaya mwachimbulimbuli.

Pobwezera mpando anaona kuti mutu wa pozitivi wa batire ulibe chovindikira. Anandionetsa masipuling'i achitsulo a pansi pa mpandowo, mmene amayandikira batire munthu wolemera akakhalapo. Ma Beetle ambiri apsa ndi moto woyambira pamenepa. Anadula chidutswa cha chubu cha tayala n'kuvindikira, osandilipiritsa. Ndinaganiza za mayi anga amene anakhala pampando umenewo ulendo wa ku Liwonde uja, thupi linachita tsemwe.

Pali zimene sizinandisangalatse, ndipo ndi bwino wopita kumeneko azidziwiretu. Nthawi sasunga.  Ntchito ili m'kati ankaisiya n'kukathandiza wa minibasi amene wabwera ndi nyali zosayaka, ndipo zinachitika katatu. Ndikumvetsa kuti amenewo ndi makasitomala awo a tsiku ndi tsiku, koma ine ndinachokera kutali ndipo ndinafika kunyumba usiku. Mtengo sanena poyamba ngakhale uwafunse, amangoti tione kaye, zimene zimamuika munthu pa nkhawa. Lisiti kulibe. Anyamata aja anasiya zidindo za manja a girisi pa nsalu ya mpando, mayi a kunyumba anavutika nazo masiku awiri. Amene ali ndi galimoto ya mipando yoyera atenge nsalu zoyala.

Pomaliza anatchula K40,000 ya ntchito, zipangizo ndinagula ndekha. Poyerekeza ndi zimene ndinataya pa batire, pa sitata ndi pa relay yoyamba ija, ndalama imeneyi ndi yochepa kwambiri, ndipo ndinawonjezerapo ya anyamata mosakakamizidwa. Amene akufuna malo okhala ndi mipando yodikirirapo ndi kompyuta yoyezera galimoto zamakono, kumeneku si kwawo. Madalawo ananena okha kuti galimoto za makompyuta ambiri amazitumiza kwina. Koma wa Beetle, Peugeot 404, Datsun 120Y, Land Rover yakale kapena ina iliyonse ya zaka zimenezo imene ikuchita khethe, ndikumulimbikitsa kuti asanagule batire kapena sitata, apeze munthu woyeza ngati ameneyu, ndipo aumirire kuti ayeze waya ali pa ntchito.

Chenjezo limodzi anandipatsa mwamphamvu, nkhope itasintha. Ndinawauza kuti anthu ena anandiphunzitsa kuliza galimoto polowa pansi n'kugunditsa sikuludiraiva pakati pa chingwe chachikulu ndi nambala 50. Anati njirayo imathandizadi kudziwa ngati sitata ili moyo, koma Beetle ya giya yamanja ilibe chotchinga chilichonse choletsa sitata kuzungulira galimoto ili m'giya, ndipo munthu amakhala atagona kutsogolo kwa tayala. "Aphunzitsi, chonde, zimenezo musadzachitenso muli nokha."

Ukwati unachitika Loweruka lachitatu kuchokera tsiku limenelo. Chikumbu chinazimitsidwa ndi kulizidwa kasanu ndi kawiri tsikulo, kunyumba, kutchalitchi, kojambulitsa ku Botanic Garden, mpaka ku holo, dzuwa likuswa mtengo, maliboni ali petupetu pa boneti. Papita miyezi isanu tsopano, ndapita nayo ku Liwonde kawiri ndi ku Mulanje kamodzi, ndipo ndimaimika paliponse pamene papezeka malo. Chatsala ndi kabushi ka mkuwa kamene kamagwira nsonga ya shafiti ya sitata m'khoma la giyabokosi. Madalawo anamva kaphokoso kokhulana pang'ono sitata ikamazungulira, n'kunena kuti kadyeka, ndipo kakadyeka kwambiri sitata imayamba kulemedwa. Ndaitanitsa katsopano kudzera kwa msuweni wanga wa ku Johannesburg, kakangofika ndibwereranso ku Ndirande, ulendo uno nditanyamula nsalu zoyala pamipando.